African Storybook: mabuku aulere a Chichewa kwa ana athu a ku Joni

Mwana wa Mmalawi wokulira ku Rosettenville, ku Yeoville kapena ku Diepsloot amamva Chichewa m'nyumba, amasewera m'Chizulu panja, kusukulu n'kumaphunzira m'Chingerezi. Chichewa sichili m'gulu la zilankhulo 12 za boma la South Africa, ndiye musayembekezere kuti aphunzitsi amuphunzitsa kuchiwerenga. M'mashopu a mabuku a mu Joni mungayende tsiku lonse osapeza buku la ana la Chichewa. N'chifukwa chake makolo ophunzitsa ana pakhomo ayenera kudziwa za African Storybook.

Ntchitoyi inayambitsidwa mu 2014 ndi bungwe la Saide, la konkuno ku Johannesburg. Ndi nkhokwe ya mabuku a zithunzi pa intaneti, pa africanstorybook.org, m'zilankhulo zambiri za mu Africa. Kuwerenga n'kwaulere, kusindikiza n'kololedwa, ndipo muli ndi ufulu womasulira buku kapena kulisintha mawu, bola mayina a wolemba ndi wojambula asachotsedwe. Palinso ma app awiri a pafoni, wina wowerengera, wina wopangira mabuku, wotchedwa African Storybook Maker. Chigamulo chathu n'chakuti kwa kholo lofuna Chichewa, palibe china chaulere chimene chikuposa ntchitoyi. Koma ndi shelefu ya mabuku, si mphunzitsi, ndipo pa nkhani ya ndakatulo ntchito yambiri itsala m'manja mwanu.

Mabuku anawagawa m'magawo asanu, kuyambira a mawu ochepa patsamba, kubwera a ziganizo, a ndime zazifupi, a ndime zazitali, mpaka oti wamkulu aziwerengera mwana mokweza. Makolo ambiri amasankha gawo poyang'ana zaka za mwana, ndipo apa ndi pamene zinthu zimasokonekera. Mwana wa Grade 3 wowerenga bwino Chingerezi akhoza kukhala wa gawo loyamba m'Chichewa. Muyeseni chonchi: mumupatse tsamba limodzi awerenge, inu muziwerengera chamumtima mawu amene wapunthwa nawo. Akapunthwa pa mawu oposa amodzi mwa khumi alionse, bukulo lamukulira, tsikani gawo. Buku lomukuliralo musalitaye, mumuwerengere inuyo usiku.

Posaka, yang'anani dzina la Chichewa komanso la Chinyanja, chifukwa mabuku ena anamasuliridwa ndi anzathu a ku Zambia. Kalembedwe kawo n'kosiyana ndi kathu: pamene ife timalemba "chakudya" ndi "kuchokera", iwo amalemba "cakudya" ndi "kucokera". Kwa wamkulu si vuto. Kwa mwana wa ku Joni ndi vuto lenileni, pakuti m'Chingerezi c wotere angamutchule ngati k, ndipo m'Chizulu c ndi liwu lodula lilime lija. Mwana amene wangoyamba kumene musamusakanizire makalembedwe awiri. Mukalikonda buku la ku Zambia, lisintheni kaye pa webusayitipo, kapena konzani ndi cholembera mukasindikiza. Chinanso, si mabuku onse amene anaunikidwa ndi eni ntchito. Ena anaikapo ndi anthu wamba, ndipo mumapezeka zolakwika za kalembedwe ndi ziganizo zonunkha Chingerezi. Yambani ndi ovomerezedwa, ndipo lililonse muliwerenge nokha musanamupatse mwana. Mabuku a Chichewa ndi ochepa poyerekeza ndi a Chingerezi kapena Chizulu, choncho mwana wakhama sachedwa kumaliza abwino a gawo lake.

Za foni sitichulutsa. Tsitsani mabuku pamene muli pa WiFi, kuti muziwerenga popanda data ngakhale magetsi atazima. Koma foni ya mayi ndi yomwe ikulowa mauthenga a WhatsApp ochokera kumudzi, ndipo mwana wa zaka zisanu chala chake chimathamangira kutsamba lotsatira asanawerenge. Pepala limaposa.

Kusindikiza kuli ndi misampha yake. Webusayiti imapereka PDF yowerengera pakompyuta ndi ina yosindikiza ngati kabuku, tengani yachiwiriyo. Pepala limodzi la A4 limanyamula masamba anayi, awiri kutsogolo awiri kumbuyo, ndiye buku la masamba 16 limadya mapepala anayi okha. Ku intaneti kafe muwauze kuti asindikize mbali zonse ziwiri, potembenuzira mbali yaifupi ya pepala. Akatembenuzira mbali yaitali, masamba akumbuyo amatuluka chadodolido. Asindikize kaye pepala limodzi, mulipinde muone ngati manambala a masamba akutsatana, kenako apitirize. Sitepula wamba safika pakati pa pepala: mutambasule, muike labala yofufutira pansi pa mpindiro, mubaye, mupinde timawayato ndi nsonga ya supuni. Singano ndi ulusi zimagwira bwino kuposa pamenepo. Kusindikiza kwa mitundu n'kodula, ndipo zithunzi zakuda kwambiri zimasanduka chimtambo zikatuluka zopanda mitundu, choncho sankhani mabuku a zithunzi zowala, mwana adzapaka yekha makrayoni.

Tsopano kuwerenga kwenikweniko, kumene bukulo silingakuchitireni. Kafukufuku wa PIRLS wa 2021 anapeza kuti ana 81 mwa 100 alionse a Grade 4 mu South Africa satha kumvetsa zimene akuwerenga m'chilankhulo chilichonse, ndiye mphindi 15 za pakhomo tsiku lililonse si zoseweretsa. Chichewa chimaphunzirika mwa maphatikizo, monga tinaphunzirira ambirife mu Sitandade 1: a e i o u, kenako ma me mi mo mu. Dulani katoni ya phala la ana kukhala timakadi ta masentimita asanu, phatikizo limodzi pa kadi, malembo ang'onoang'ono. Timakadi 15 ta m, n ndi t tikukwana sabata yoyamba, ndipo mwana apanga "mano", "moto", "tate", "nama". Musanatsegule buku, sankhanimo mawu atatu, mwana awamange ndi makadi, ndipo akakumana nawo patsamba amawalonjera ngati anzake.

Mwana wa sukulu ya Chingerezi amalakwa malo odziwika. Malembo a liwu amawatchula mayina a Chingerezi, a kukhala "eyi", i kukhala "ayi". Muuzeni kuti m'Chichewa malembo asanuwa sasintha mawu, lero ndi mawa. "Phala" amawerenga "fala", "thumba" n'kuluma lilime. Mugwiritse kapepala kutsogolo kwa pakamwa: ponena "pala" kasagwedezeke, ponena "phala" kauluke. Wophunzira Chizulu kapena Chisuthu apa savutika, poti ph, th ndi kh zawo n'zofanana ndi zathu. Ng' ya "ng'ombe" ndi ng ya "ngoma" muzisiye mpaka kumapeto, pamodzi ndi ps, bz ndi ntch.

Ndakatulo m'nkhokwe imeneyi n'zochepa; zambiri ndi nthano ndi nkhani. Apa ndi pamene Maker amagwira ntchito, chifukwa amalola kujambula chithunzi ndi foni, kulemba mawu pansi pake, tsamba ndi tsamba, popanda intaneti. Koma ndakatuloyo iyambe pakamwa, ifike papepala, foni ibwere pomaliza.

Musakakamize mwana kufananitsa mathero a mizere monga amachitira kusukulu m'Chingerezi. Mawu a Chichewa amathera pa lembo la liwu, choncho kufananitsa mathero n'kosavuta mpaka kumakhala kopanda mchere. Mwana amangomata "kudya, kugona, kusewera" n'kuti walakatula. Chuma chathu chili kumayambiriro kwa mawu. Mupatseni dzina limodzi awonjezere mawu ogwirizana nalo: "Chimanga changa chachikulu chapsa." "Kagalu kanga kakang'ono kakuuwa." Mzere ukuimba wokha, ndipo mwana wokulira kunja, amene amakonda kunena "galu yanga", akuphunzira kugwirizanitsa mawu asakudziwa.

Njira ina yokoma kwa ana a zaka zinayi mpaka zisanu ndi ziwiri ndi ya mawu otsanzira phokoso ndi maonekedwe. Tsegulani zenera, mukhale chete mphindi imodzi, kenako mwana atchule zinthu zinayi zimene wamva kapena kuona. Inu lembani zimene wanena ndendende, osakonza. Mungapeze zotere:

Teksi ikuti pipiii,
hadeda ikuti haaa,
nsima m'mbale ili mbee,
ine pampando ndili duu.

Mzere uliwonse ndi tsamba limodzi, ndipo mwana ajambule chithunzi chake. Mizere inayi ndi yokwana; mukafuna isanu ndi itatu, yomalizayo mudzalemba ndinu. Mu Okutobala, mitengo ya jacaranda ikachita maluwa m'misewu, chitaninso zomwezo muli panja.

Okulirapo apatseni zilapi. Asankhe chinthu, atchule zimene chimachita ngati kuti ndi munthu, osatchula dzina: "Ndimameza anthu ku Cosmo City, ndimakawalavula ku Bree." Yankho, lomwe pano ndi teksi, alilembe kuseri kwa tsamba. Chilapi chabwino ndi ndakatulo yathunthu ya mizere iwiri, ndipo achimwene ake akalephera kuyankha, mwana amafuna kulemba china nthawi yomweyo. Nthano za m'mabukumo nazonso muziziyamba ndi "Padangokhala", ana ayankhe "Tili tonse". Mawu obwerezabwereza otere ndiwo amadzasanduka mzere wobwereza m'ndakatulo zawo.

Chimene chimapha ntchito yonseyi ndi cholembera chofiira. Mwana akalemba "ngombe" m'malo mwa "ng'ombe" tsiku lolemba ndakatulo, musiyeni. Mawa lake, pokopera mu Maker, muuzeni kuti buku losindikiza limafuna kalembedwe koyenera, mukonze limodzi mawu osaposa atatu. Akasakaniza mawu a Chizulu kapena a Chingerezi, mufunseni kuti agogo akanati chiyani. Akasowa, mutumize uthenga wa mawu kumudzi, yankho lidzabwera ndi nthabwala zake.

Chenjezo pa Maker: buku mukalitumiza pa webusayiti limaonedwa ndi aliyense. Musaikemo nkhope ya mwana, yunifolomu ya sukulu, nambala ya nyumba kapena dzina lake lonse. Jambulani zojambula zake, pafupi ndi zenera masana, pepala litagona pansi, kuti musatuluke mthunzi wa foni.

Mabuku a Chichewa akakutherani, pitani ku Book Dash, bungwe lina la muno mu South Africa limene linayambanso mu 2014. Lili ndi mabuku ena opanda mawu, a zithunzi zokha, ndipo zithunzi zake n'zapamwamba. Sindikizani limodzi, mwana anene mzere umodzi pa tsamba lililonse, mulembe pansi ndi pensulo. Nal'ibali, ntchito yolimbikitsa ana kuwerenga, ili ndi nthano zambiri ndi malangizo abwino kwa makolo, koma m'zilankhulo za South Africa, ndiye ikuthandizani pa zilankhulo monga Chingerezi ndi Chizulu, osati pa Chichewa.

Zonsezi sizilowa m'malo mwa maphunziro onse a mwana. Ngati sakupita kusukulu n'komwe ndipo mukumuphunzitsa pakhomo, lamulo limafuna kuti mumulembetse ku dipatimenti ya maphunziro ya Gauteng, ndipo lamulo la zamaphunziro la BELA la 2024 linaika Grade R, kalasi yokonzekera Grade 1, m'gulu la makalasi okakamiza. African Storybook ilibe ndondomeko ya maphunziro ya chaka, ilibe masamu okwanira, ndipo siyesa mwana; zimenezo muyenera kuzipeza kwina.