Chithandizo chochotsa mimba m'zipatala za boma ku Tete: pamene chikuyenda bwino ndi pamene chikupunthwa

Anthu ambiri a m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amamvera wailesi za ku Malawi, n'chifukwa chake amaganiza kuti lamulo la kuno ndi limodzi ndi la kutsidya kwa malire. Sizili choncho. Ku Malawi lamulo limalola kuchotsa mimba makamaka pamene moyo wa mayi uli pachiswe. Kuno ku Mozambique lamulo linasintha mu 2014, ndipo mu 2017 unduna wa zaumoyo, MISAU, unatulutsa malangizo a mmene ntchitoyi iyenera kugwiridwira. Mayi angathe kupempha yekha ngati mimba sinapitirire milungu 12. Ngati anagwiriridwa, kapena mimbayo ndi ya wachibale, malire ake ndi milungu 16. Ngati mwana ali ndi chilema chachikulu m'mimbamo, ndi milungu 24. Moyo wa mayi ukakhala pangozi, sawerenganso milungu. M'chipatala cha boma chithandizochi ndi chaulere, choncho wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe, dziwani kuti ndalamayo siipita ku boma.

Mbali ya mankhwala ndiyo yoyamikirika kwambiri. Mukafika, funsani anamwino a SMI, aja oona za amayi ndi ana, kapena chipinda cha SAAJ ngati ndinu wachinyamata. Adzakufunsani tsiku limene munayamba kusamba komaliza, chifukwa milungu imawerengedwa kuchokera pa tsikulo, osati pa tsiku limene munagona ndi mwamuna. Apa ambiri amalakwitsa. Mayi amene akuti wangodumpha mwezi umodzi nthawi zambiri amakhala ali kale pa milungu 6 kapena 8. Kenako amakupimani pamimba, ndipo pamene pali makina ounikira amaunika. Mumasaina chikalata chovomera, ndipo mtsikana wosakwana zaka 16 amafunika kholo kapena womulera. Lamulo silifuna siginecha ya mwamuna kapena ya ankhoswe.

Njira zilipo ziwiri. Ya mapiritsi imayamba ndi mifepristone, piritsi limodzi la 200 mg, limene limatseka mphamvu ya m'thupi yosunga mimba. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri pamabwera misoprostol, mapiritsi anayi, oika pansi pa lilime, m'tsaya kapena kunjira ya amayi. Amenewa ndiwo amafinya chiberekero. Pakapita maola ochepa m'mimba mumapota kuposa nthawi ya msambo, magazi amatuluka ndi zibulumwa, ndipo ena amanjenjemera, kutsegula m'mimba kapena kumva mseru. Ibuprofen amachepetsa ululu ndipo sasokoneza ntchito ya mankhwalawo. Njira yachiwiri ndi imene anamwino amaitchula kuti AMIU: kapaipi kapulasitiki kopyapyala kolumikizidwa ku chopopera chapamanja, kamene kamayamwa za m'chiberekero kwa mphindi zochepa. Imapweteka pa nthawiyo, koma mumachoka zonse zitatha. Kwa mayi wochokera kumudzi wakutali, amene sangapeze njinga yamoto usiku magazi akachuluka, ine ndimaona kuti AMIU ndi yotetezeka kuposa kukamwera mapiritsi kunyumba.

Zimene zimavuta n'zodziwika, ndipo namwino wabwino amazinena mayi asanatuluke pakhomo. Mukanyowetsa mapadi awiri akuluakulu pa ola limodzi, kwa maola awiri otsatizana, bwererani msanga. Chimodzimodzi thupi likatentha kupitirira tsiku limodzi mutamwa misoprostol, kapena kukatuluka zonunkha, chifukwa zotsalira m'chiberekero zimayambitsa matenda olowa m'magazi. Choopsa kwambiri ndi mimba yokhala m'njira ya dzira, kunja kwa chiberekero. Mapiritsi saichotsa. Mayi amangomva kulasa mbali imodzi ya chinena, magazi ochepa, chizungulire, mwinanso ululu paphewa, ndipo njirayo ikaphulika pamafunika opaleshoni pa chipatala chachikulu monga cha Ulónguè kapena cha m'tauni ya Tete. Ichi n'chifukwa chachikulu chimene mapiritsi ogula pamsika, opanda wokupimani, ali oopsa. Komanso misoprostol amawonongeka ndi chinyezi ndi kutentha akangochotsedwa m'kapepala kake ka siliva, ndiye ndi dzuwa la m'chigwa cha Zambezi, piritsi logulitsidwa lili pamtetete lingathe kungoyambitsa magazi osamaliza ntchito.

Pamene chithandizochi chimapunthwa ndi pa kukambirana. Nkhani iyi si ya mankhwala okha, ndipo aliyense wolowa m'chipindamo, namwino ngakhale mayi, amalowa ndi chikumbumtima chake. Mpingo wa Katolika umaphunzitsa kuti moyo wa munthu umayamba pamene mimba yaima, ndi kuti kuuchotsa dala n'kulakwa ngakhale zifukwa zikhale zolemera bwanji. Akhristu ambiri a Igreja Reformada ndi mipingo ina amaona chimodzimodzi. Maganizo amenewa si umbuli. Amaima pa mfundo yakuti pali zinthu zimene munthu sayenera kuchita ngakhale zotsatira zake zioneke zabwino. Ena amayambira pa zotsatirazo. Amati kuletsa sikuthetsa kuchotsa mimba, kumangokusamutsira kuseri kwa nyumba, kumene kuli phesi la chinangwa, sopo waufa ndi mizu yowawa, ndipo amene amatsala ndi ana amasiye. Enanso amati thupi lonyamula mimbayo ndi la mayi, ndiye mawu omaliza akhale ake. Pangano la Maputo la mu 2003, lonena za ufulu wa amayi mu Africa, linatsamira kumbali imeneyi pa mimba za kugwiriridwa, za pachibale ndi zoika moyo pangozi. Ndipo kwathu kuno kuli funso la umunthu, limene limadula mbali zonse: mwana ndi wa mudzi wonse, inde, koma mudziwo unali kuti pamene mtsikana wa zaka 14 ankapatsidwa mimba ndi munthu wamkulu?

Malangizo a boma anayesa kulemekeza zikumbumtima zonse ziwiri. Namwino kapena dokotala amene mtima wake sukulola ali ndi ufulu wokana, ndipo ine ndimaona kuti ufuluwo ndi woyenera. Koma ayenera kumutumiza mayiyo kwa mnzake amene angathandize, ndipo sangakane ngati moyo uli pangozi. Cholakwika chimachitika pamene kukanako kwabisala. Mayi amauzidwa kuti abwere mawa, mawalo akuti woyang'anira wachokapo, sabata yotsatira akuti mankhwala atha. Amene anafika pa milungu 10 amapezeka wadutsa 12, khomo lalamulo latsekeka, ndipo amabwereranso patapita masiku atanyamulidwa pa machira. Kukana poyera n'kunena kuti pitani chipinda chakuti ndi chilungamo. Kuzengereza dala n'kumupangira munthu chisankho mwachinyengo, ndipo sindidziwa chiphunzitso cha mpingo uliwonse chimene chimavomereza bodza lotere.

Kulakwa kwa mbali inayo kuliponso. Uphungu wothamanga, wongopereka mapiritsi osafunsa kuti kodi mwasankha nokha, umasiya mayi amene akukakamizidwa ndi chibwenzi, abwana kapena makolo oopa manyazi. Funso limenelo lifunsidwe woperekezayo ali panja. Mayi akanena kuti akufuna kusunga mimbayo koma alibe pogwira, alembedwe sikelo tsiku lomwelo ndipo amve za thandizo limene lilipo. Chinsinsi nachonso chimavuta m'zipatala zazing'ono, kumene chipinda chimatsekedwa ndi nsalu yokha ndipo pabenchi panja pakhala mlamu wanu akudikira katemera wa mwana. Muli ndi ufulu wopempha malo ena oyankhulirana.

Za kulera zisadikire ulendo wina, pakuti mayi angathe kuimanso pasanathe milungu iwiri, msambo usanabwere n'komwe. Jakisoni wa miyezi 3, kachipangizo ka pamkono ka zaka 3 kapena 5, ngakhale lupu ya zaka 10 ingathe kuikidwa tsiku lomwelo la AMIU ngati palibe matenda. Wogwiriridwa asadikire kuona ngati waima: mankhwala oteteza ku HIV amagwira akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo mapiritsi olera apangozi amagwira bwino akamwedwa msanga.

Amene wapita padera, kapena anayesa yekha kunyumba ndipo magazi sakuleka, amalandiridwa nthawi iliyonse pa chipinda cha amayi oyembekezera. Muuzeni namwino chenicheni chimene munamwa kapena kulowetsa, ndi ola lake, chifukwa chithandizo cha bala la m'chiberekero n'chosiyana ndi cha zotsalira. Ngati kapepala ka mankhwalawo mukadali nako, katengeni.