Matepi akale a vidiyo: foni, DVD, kompyuta kapena situdiyo?

M'nyumba zambiri muli katoni ya matepi a VHS: ukwati wa makolo, chinkhoswe, kwaya ya kumpingo. Kampani ya Funai ya ku Japan, yomwe inali yomaliza kupanga madeki oonera matepiwa, inasiya mu 2016, choncho madeki amene atsala ndi akale okhaokha. Tepi nayo imakalamba, ndipo chinyezi cha dzinja chimaigwiritsa chuku. Njira zosamutsira zithunzizi zilipo zinayi, koma sizifanana mphamvu.

Yachidule ndi kuika tepi mu deki n'kuloza foni pa TV. Siilira ndalama, komano chithunzi chimaphethira, mitundu imasuluka, ndipo mawu a mkwati amasakanikirana ndi tambala wa panja. Chitani zimenezi pokhapokha ngati tepiyo ndi yobwereka ndipo mwini wake akuifuna lero lomwe.

Yachiwiri ndi makina ophatikiza deki ndi chojambulira DVD. Mumaika tepi uku, chimbale chopanda kanthu uku, n'kudina batani. Kwa munthu amene sagwirizana ndi kompyuta, apa mpofewa. Vuto lili pa chimbalecho. DVD wamba imanyamula 4.7 GB, omwe ndi pafupifupi maola awiri a chithunzi chabwino, pomwe tepi yolembedwa E-180 ndi ya maola atatu. Mukakakamiza zonse pa chimbale chimodzi, nkhope zimayamba kuoneka timabokosi. Chimbale chimakalikanso msanga, malaputopu ambiri a masiku ano alibe poikapo, ndipo mukaiwala kuchitseka ndi lamulo la "finalize" pomaliza kujambula chimakana kusewera m'makina ena. Mapeto ake mudzafunabe kompyuta kuti muchotsemo mafayilo.

Ine ndimaikira kumbuyo njira yachitatu: deki, kachipangizo ka USB kolowetsera vidiyo mu kompyuta, ndi kompyutayo. Zingwe zitatu zija, chachikasu cha chithunzi, chofiira ndi choyera za mawu, zimachoka ku deki kulowa mu kachipangizoko, ndipo pulogalamu yaulere ngati OBS Studio imajambula zimene zikudutsa. Tizipangizo totchipa timagulitsidwa ndi dzina la EasyCap, koma mkati mwake simufanana: kena kamagwira bwino, kena kamasiya mawu m'mbuyo moti pofika pa madyerero, pakamwa pa tcheyamani payenda kale mawu asanamveke. Elgato Video Capture ndi yodulirapo koma siivuta kuikonzekeretsa.

Chimene ambiri amaphonya n'chakuti ubwino wa chithunzi umayambira pa deki, osati pa kachipangizo. Deki imene mitu yake (tizitsulo towerenga tepi) ndi yakuda imatulutsa mizere yoyera, ndipo ya malamba otha imatafuna tepi. Yambani mwaiyesa ndi tepi yosafunika. Madeki ena a S-VHS (mtundu wapamwamba wa VHS) a JVC ndi Panasonic ali ndi TBC, mbali yomwe imawongola chithunzi chogwedera. Mukapeza yotere pa kaunjika wa zamagetsi kapena kwa wachibale wa ku UK, igwireni ndi manja awiri. Onaninso mtundu wa tepi. Malawi, Zambia, South Africa ndi Britain ankagwiritsa ntchito mtundu wa chithunzi cha TV wotchedwa PAL, ndiye mu pulogalamu muike 720 x 576 ndi zithunzi 25 pa sekondi. Tepi yochokera ku America ndi ya mtundu wina wotchedwa NTSC, ndipo deki yosaidziwa imaonetsa zakuda ndi zoyera kapena zosokonekera.

Njirayi imadya nthawi. Tepi ya maola atatu imafuna maola atatu enieni, palibe kuthamangitsa. Magetsi akathima pakati, laputopu imapitirira ndi batire koma deki imaima tepi ili yokulungika mkati. Musaikoke, dikirani magetsi abwere kuti ituluke yokha.

Yachinayi ndi kupereka kwa a situdiyo ojambula maukwati. Ngati matepi ndi awiri kapena atatu, izi n'zanzeru kuposa kugula zida. Koma funsani: akugwiritsa ntchito deki yanji, akupatsani fayilo ya MP4 pa fulashi kapena chimbale chokha, nanga matepi anu abwezedwa liti? Perekani imodzi kaye muone ntchito yake. Kupereka katoni yonse tsiku limodzi kwa munthu amene simunaone dzanja lake n'kuika pachiswe zinthu zosagulika.

Timatepi ting'onoting'ono ta makamera tili ndi malamulo ake. VHS-C imalowa mu kaseti yaikulu yoithandizira n'kusewera mu deki wamba. Video8 ndi Hi8 sizilowa mu deki ya VHS mwanjira iliyonse. Zimafuna kamera ya mtundu wake. MiniDV ndi ya dijito kale, kotero kuidutsitsa pa zingwe zitatu zija n'kutaya ubwino wake. Imafuna chingwe cha FireWire, ndipo ola limodzi limadya pafupifupi 13 GB.

Tepi ikakhala ndi toyera ngati ufa pawindo lake, chimenecho ndi chuku. Musaiike mu deki, chifukwa idetsa mitu n'kupatsira matepi ena onse. Imeneyo ipite kwa wodziwa kuyeretsa.

Mukamaliza musataye matepi, chifukwa mwina mudzapeza deki yabwino kuposa ya lero. Thyolani kachibano ka m'mphepete kuti wina asajambulirepo, muwaimike chilili pamalo ouma, kutali ndi dzuwa ndi masipika. Fayilo isungidwe malo awiri, pa hard drive ndi kwina, monga Google Drive yomwe imapereka 15 GB yaulere. Yotumiza pa gulu la banja la WhatsApp musaiwerengere ngati yosunga, chifukwa WhatsApp imafinya vidiyo, ndipo foni ikatayika nayo yapita.