Miyezi 11 ndi kompyuta yokonzera makanema: nkhani ya RAM, skirini ya buluu ndi ndalama zomwe zapita

Sabata yathayi mnzathu wina yemwe amajambula maukwati ku Chilomoni anatifunsa pa WhatsApp kuti, "Achimwene, ndikufuna kumanga makina a editing. RAM ndiike yochuluka bwanji, 16, 32 kapena 64?" Funsoli linafika tsiku lomwe tinali titangomaliza kulipira RAM yatsopano (memory yomwe kompyuta imasungamo kwakanthawi zomwe ikugwirapo ntchito) pa shopu ina ku Limbe, lisiti lidakali patebulo. Ndiye tiyankhe bwinobwino, potengera kompyuta yomwe yagwira ntchito kuno kwa miyezi 11 tsopano.

Makinawo ndi awa: purosesa ya Ryzen 7 5800X, motherboard ya B550 ya ma slot anayi a RAM, graphics card ya RTX 3060 ya 12GB, NVMe ya 1TB yosungira Windows ndi mapulogalamu, komanso SSD ina ya 2TB ya zojambula. RAM inabwera ma stick awiri a 16GB, DDR4-3200, pamodzi 32GB. Ntchito yake ndi maukwati, zinkhoswe, makanema a makwaya ndi timalonda tatifupi, pa Premiere Pro, After Effects ndi DaVinci Resolve.

Purosesa ilibe dandaulo, ngakhale mu Okotobala Blantyre itasanduka uvuni. Graphics card sinatisonyezepo uthenga woti memory yake yadzaza, ngakhale pa Resolve. NVMe ikuthamanga ngati tsiku loyamba. UPS ya 1500VA imatipatsa mphindi zokwanira kusunga ntchito ndi kuzimitsa makina magetsi akathima, basi, si yogwirira ntchito ayi. Zonsezi zili bwino. Nkhani ili pa RAM.

Tiyambe ndi funso la mnzathuyo. Adobe, kampani yopanga Premiere ndi After Effects, imalangiza 16GB pa makanema a HD ndi 32GB pa 4K kupita m'mwamba. Blackmagic, yopanga Resolve, nayo imati 16GB pa Resolve, koma 32GB ngati mukugwiritsa ntchito Fusion, gawo lake la zithunzi zoyenda ndi ma effect. Zomwe taona pa makina athu sizikutsutsana ndi zimenezi. Mukatsegula Task Manager, n'kupita pa Performance kenako Memory, ukwati wa makamera atatu a 4K pa Premiere umadya pakati pa 20GB ndi 25GB, Chrome ili yotsegula pambali. Pa 32GB malo amakhalapo. Pa 16GB ntchito yomweyo siikana kuyenda, koma Windows imayamba kukankhira zina pa page file ya pa SSD, ndipo m'pamene mumaona kuti mukachoka pa Premiere kupita pa Chrome makina amayamba aima kaye. Choncho amene akujambula 1080p, kamera imodzi kapena awiri, 16GB imutumikira. Amene wayamba 4K asatsike pansi pa 32GB.

Chomwe chimameza RAM ndi After Effects, ndipo chifukwa chake ndi masamu osavuta. Pulogalamuyi ikamakuonetsani preview imasunga chithunzi chilichonse mu RAM chosapanikiza. Chithunzi chimodzi cha 4K, 3840 kuchulukitsa ndi 2160, chili ndi ma pixel oposa 8 miliyoni. Pa 8-bit pixel iliyonse imatenga ma byte anayi, ndiye chithunzi chimodzi ndi pafupifupi 33MB. Pa zithunzi 25 pa sekondi, sekondi imodzi ndi 830MB, masekondi khumi apitirira 8GB. Mukakweza project kufika pa 32-bit, chulukitsani ndi zinayi. N'chifukwa chake kamzere kobiriwira ka preview kamafupika mukamapanga mayina a akwati ouluka ndi maluwa pa 4K, pomwe pa 1080p chithunzi chimodzi ndi 8MB yokha. Premiere, After Effects ndi Media Encoder zimagawana RAM yomweyo. Pitani pa Edit, Preferences, Memory, musiyire mapulogalamu ena 6GB ngati muli ndi 32GB. Mukawamana kwambiri Windows imayamba kutsamwa.

Pali chinthu china chomwe anthu ambiri amachinamizira RAM. Kanema akamadukaduka pa timeline, aliyense amati RAM yachepa. Ife tinaganizanso chimodzimodzi ndi gawo la perekani-perekani, maola awiri a anthu akuvina ndi kuponya ndalama, makamera atatu nthawi imodzi pa multicam. Koma Task Manager inkaonetsa RAM isanadzaze, pomwe purosesa inali pa 100%. Makamera ambiri a masiku ano amajambula H.264 kapena H.265 ya 10-bit 4:2:2, ndipo RTX 3060 siitha kumasula 4:2:2 payokha, ntchito yonse imagwera purosesa. Mankhwala ake ndi ma proxy, makope opepuka a makanema ogwiritsa ntchito podula: sankhani ma clip onse mu Project panel, dinani kumanja, Proxy, Create Proxies, musankhe ProRes Proxy, musiye Media Encoder igwire ntchito usiku. M'mawa timeline imayenda myaa, pa 32GB yomweyo, osatulutsa ngakhale tambala. Tikanadziwa izi msanga, mwina nkhani yotsatirayi sikanachitika.

M'mwezi wachisanu ndi chiwiri ntchito za After Effects zinachuluka, ndipo tinaganiza zokweza RAM kufika pa 64GB. Ma slot awiri anali opanda kanthu, ndiye njira yotchipa inali kuwonjezera ma stick awiri a 16GB. Wogulitsa yemwe anatimangira makinawa anati ali nawo a kampani yomweyo, liwiro lomwelo la 3200, ngakhale maonekedwe ake anali ofanana. Anaika, makina anayaka, Windows inaonetsa 64GB. Masiku atatu oyamba panalibe vuto.

Tsiku lachinayi, export ya ukwati wa ola limodzi ndi theka itadutsa theka, skirini inasanduka ya buluu ndi mawu akuti MEMORY_MANAGEMENT. Kuyambiranso, inagwa pamalo ena. Tsiku lina inamaliza bwinobwino, koma poonera kanemayo panali masekondi awiri a timabokosi tobiriwira pankhope ya mkwatibwi. Ichi n'chimene chimaopsa kuposa skirini ya buluu, chifukwa makina sakuuzani kanthu, mumangopereka flash kwa eni ake cholakwika chili momwemo. Vutoli silinkabwera pa ntchito zopepuka. Linkadikira RAM idzaze ndipo mkati mwa bokosi mutenthe, makamaka masana.

Kufufuza kwake kunayenda motere, ndipo aliyense angathe kutsatira. Choyamba tinazimitsa makina, kuzula chingwe kukhoma, kudina batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsala athe, kugwira chitsulo cha bokosi kenako n'kuchotsa ma stick onse. Fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala linali litadzaza m'ma slot. Tinaliuzira ndi blower, kupukuta timano tagolide ndi isopropyl, n'kubwezeretsa mpaka tizitsekero ta m'mbali titalira kuti kha. Vuto silinathe.

Chachiwiri tinaika MemTest86, pulogalamu yoyesa RAM, pa flash, n'kuyatsa makina kuchokera pa flashiyo. Pulogalamuyi imazungulira RAM yonse kanayi, ndipo pa 64GB imatenga usiku wonse, choncho sankhani usiku womwe dera lanu silili pa ndandanda yothimitsa magetsi, apo ayi mudzayambiranso. Ma stick anayi pa 3200 anatulutsa mizere yofiira yosonyeza zolakwika ulendo wachiwiri usanathe. Pa mayesowa cholakwika ngakhale chimodzi n'chachikulu. Kenako tinayesa stick iliyonse payokha mu slot ya A2, yachiwiri kuchokera pa purosesa. Anayi onse anapambana. Awiri akale mu A2 ndi B2, bwinobwino. Awiri atsopano mu A2 ndi B2, bwinobwino. Anayi pamodzi, zofiira.

Yankho linapezeka pa CPU-Z, pulogalamu yoonetsa zida za mu kompyuta, pa tsamba la SPD lomwe limafotokoza za stick iliyonse. Ma stick akale anali dual rank (tchipisi take tili m'magulu awiri), pakapepala kake polembedwa 2Rx8, atsopano anali single rank (gulu limodzi), 1Rx8, ndipo tchipisi ta mkati tinali ta mafakitale osiyana. Dzina la pa bokosi n'limodzi, koma makampani ambiri ogulitsa RAM sapanga okha tchipisi, amagula kwa Samsung, Micron kapena SK Hynix, ndipo amasintha malinga ndi zomwe zapezeka. N'chifukwa chake RAM imagulitsidwa ngati kit: ma stick a m'paketi imodzi ndi omwe anayesedwa limodzi. Chinanso, chowongolera memory chili mkati mwa purosesa, ndipo ma stick anayi amachilemera. AMD yomwe imalemba kuti pa purosesa iyi ma stick awiri amathamanga 3200, anayi a single rank 2933, anayi a dual rank 2667. Ife tinkakakamiza anayi osakanikirana pa 3200 kudzera mu XMP, setting yomwe imathamangitsa RAM pa liwiro lolembedwa pa paketi.

Tinalowa mu BIOS, menyu ya ma setting a motherboard, kusiya magetsi a RAM pa 1.35V, n'kutsitsa liwiro kufika pa 2933. Zofiira zinachepa koma sizinathe. Pa 2666 MemTest86 inamaliza maulendo anayi opanda cholakwika, ndipo makina anakhala miyezi itatu osagwanso. Kunena zoona, kusiyana kwa nthawi ya export pakati pa 3200 ndi 2666 kunali kochepa, mphindi zowerengeka pa ukwati wathunthu. Chenjezo kwa oyang'ana pa CPU-Z: mukaona 1600MHz musadandaule, imeneyo ndiyo 3200, pulogalamuyi imaonetsa theka. Koma mukaona 1066 kapena 1200, XMP ndiyozimitsa, RAM yanu ikuyenda pa 2133 kapena 2400. Izi zimachitikanso BIOS ikadzibwezera pachiyambi, monga zinatichitikira kawiri magetsi atathima mwadzidzidzi makina akuyaka. Ulendo wina tinangoyatsanso XMP osakumbukira kutsitsa liwiro, ndipo skirini ya buluu inabwerera sabata yomweyo, pakati pa kanema wa kwaya yemwe ankafunika Lamlungu.

Apa m'pamene mtima unatha. Makina ogwirira ntchito za anthu sayenera kudalira kuti wina akumbukire nambala ya mu BIOS. Tinabwerera ku Limbe ndi ma stick anayi, lisiti ndi zithunzi za MemTest86 pa foni. Wogulitsayo anaika stick iliyonse mu makina ake, yonse inayaka, ndipo anati, "Bwana, mwaona nokha, katundu wanga alibe vuto. Mwina ndi board yanu." Board imeneyo anatigulitsa ndi iye yemweyo. Mwa njira ina ankanena zoona, palibe stick yomwe inali yakufa. Koma chomwe tinagula si ma stick, tinagula 64GB yoyenda pa 3200 m'makina omwe iye anamanga, ndipo akanayenera kutembenuza stick n'kuwerenga kakapepala asanaike. Waranti yake ya miyezi isanu ndi umodzi, iye anati, imakhudza katundu wofa basi.

Zinatenga maulendo atatu. Pomaliza anavomera kulandira ma stick anayi onse n'kutipatsa kit imodzi ya ma stick awiri a 32GB, ife n'kuwonjezera ndalama. Awiri atsopano anawawerengera mtengo womwe tinagulira, awiri akale anawadula pakati ati ndi ogwiritsidwa kale ntchito. Kit yatsopanoyo anaiwerengera mtengo wa lero, osati wa tsiku lomwe tinakweza RAM koyamba, ndipo apa m'pamene panapweteka. Katundu ngati ameneyu amachokera ku Johannesburg, Dubai kapena China, ndipo chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 ogulitsa amawerengera potengera mtengo womwe apezera dola. Pamwamba pa izo, kuyambira kumapeto kwa 2025 RAM yakwera padziko lonse chifukwa mafakitale atembenukira ku memory ya ma server a AI, ndipo DDR4 akuichepetsa kupanga. Ndalama yomwe tawonjezera yatsala pang'ono kufanana ndi malipiro a ukwati umodzi wathunthu, kujambula ndi kukonza komwe.

Ma stick awiriwo ali mu A2 ndi B2, XMP pa 3200, MemTest86 yadutsa yoyera, ndipo preview ya After Effects yatalika kuposa kawiri poyerekeza ndi nthawi ya 32GB. Tsiku lomwe tikupanga timalonda ta zithunzi zoyenda timati ndalama inapita pabwino. Tsiku lomwe tikungodula ukwati pa Premiere, Task Manager n'kumaonetsa 24GB mwa 64GB, timaona ndalama itangogona m'bokosi. Export sinafulumire chifukwa cha RAM yowonjezerayo. RAM ikakwana yakwana, yotsalayo siithamangitsa kanthu.

Ndiye kwa achimwene a ku Chilomoni tinayankha kuti: pa ntchito ya maukwati gulani 32GB, ma stick awiri a 16GB a m'paketi imodzi yosatsegula, ndalama yotsalayo mugulire SSD ndi UPS. Ngati mukudziwa kale kuti After Effects kapena Fusion ndi chakudya chanu cha tsiku ndi tsiku, gulani 64GB pompano ngati ma stick awiri a 32GB, musamati ndidzawonjezera m'tsogolo. Mukasankha Ryzen 7000 kupita m'mwamba dziwani kuti imafuna DDR5 yokha, DDR4 siilowa n'komwe mu slot yake, ndipo kumeneko ma stick anayi amatsika kwambiri, pa Ryzen 7000 kuchoka pa 5200 kufika pa 3600.

Makinawa tikhoza kuwagulanso. Kwa wogulitsa yemweyo tingabwerere pokhapokha atalemba pa lisiti nambala ya kit, liwiro lake, ndi mawu akuti MemTest86 ikaonetsa cholakwika mkati mwa sabata ziwiri asintha popanda kuwonjezera ndalama. Tinamuuza zimenezi pamaso tikulipira. Anati aganizira.