Mafilimu anayi oopsa a mdima: yoti muonere ndi yoti musatayirepo data

Abale angapo a kuno ku Harare, makamaka a ku Mufakose ndi ku Mbare amene timacheza nawo m'Chichewa, akhala akundifunsa filimu yoopsa yoti aonere usiku magetsi akazima. Pafupifupi onse amafuna mtundu umodzi, filimu imene mantha ake amachokera pa mdima, mantha aja tinali nawo tili ana tikatumidwa panja usiku kapena agogo akazimitsa koloboyi nthano isanathe. M'malo moyankha mmodzimmodzi, ndaika pamodzi mafilimu anayi amene amatchulidwa kawirikawiri: Darkness Falls ya 2003, Lights Out ya 2016, Skinamarink ya 2022 ndi The Boogeyman ya 2023. Ndikhudzako mathero a ena mwa iwo, choncho amene sakonda kuuzidwiratu adziwe zimenezo.

Za ochita sewero ndi nyimbo ndizisiya, pakuti aliyense angaziwerenge kwina. Ndayang'ana zinthu ziwiri zimene zimatikhudza ife okhala mumzinda uno. Choyamba, kodi filimuyo ili ndi lamulo lomveka la zimene mdima ungachite, ndipo kodi imalisunga mpaka kumapeto? Chachiwiri, kodi chithunzi chake chimaoneka pa foni kapena pa laputopu, popeza ambiri timaonera pamenepo batire isanathe? Chiyambire 2019, pamene madzi a ku damu lopangira magetsi la Kariba anatsika ndipo madera ena ankakhala opanda magetsi mpaka maola 18 pa tsiku, mdima kwa ife unasiya kukhala chinthu chachilendo, ndipo filimu imene mankhwala ake onse ndi kungoyatsa getsi singatigwire mtima. Imene imatigwira ndi ija munthu akuvutika kupeza kuwala, tochi ikufooka, kandulo yatsala kachidutswa.

Pa nkhani ya lamulo, Lights Out ilibe mnzake. David F. Sandberg, wa ku Sweden, anayamba ndi kafilimu ka mphindi zosakwana zitatu mu 2013, kamene anajambula ndi mkazi wake Lotta Losten, ndipo ganizo lake linali limodzi lokha: ukazimitsa getsi pakuoneka chithunzithunzi cha munthu, ukayatsa palibe, ukazimitsanso chasendera pafupi. Filimu yaitali ya 2016, imene inadya pafupifupi madola 5 miliyoni ndi kubweza oposa 140 miliyoni, inangotenga ganizo lomwelo ndi kuliyesa pa kuwala kwa mitundu yonse. Pali pamene Rebecca, mtsikana amene nkhaniyi ikutsata, wagona m'chipinda chimene chimawalitsidwa ndi chikwangwani chofiira cha sitolo, chothwanima nthawi ndi nthawi. Chikazima, Diana, chiwanda cha m'filimuyi, ali pansi chogwada, akukanda thabwa ndi zikhadabo, ndipo chikayaka phokosolo lasiya. Woonera amayamba kuwerenga yekha kuthwanimako, mtima uli m'mwamba, podziwa bwino chimene chichitike kukazima kwachitatu kapena kwachinayi. Pali pamene chibwenzi cha Rebecca chapulumuka podina kiyi wa galimoto kuti magetsi ake ayake, ndi pamene wapolisi akuwombera mfuti, chiwandacho n'kumasowa pa kang'anima kalikonse ka chipolopolo koma n'kumabwerabe. Palibe pamene filimuyi imanamiza woonera kuti ipeze podumphira.

Ubwino wina ndi wakuti mantha ake ali pa kusiyana kwa kuwala ndi mthunzi wakuda bii, kotero ngakhale pa foni yotsika mtengo chilichonse chimaoneka. Ndi ya mphindi 81 zokha, ndiye laputopu yokalamba imaimaliza isanazime.

Skinamarink ndiyo inandipweteka, ndipo apa ndichedwapo. Mlamu wanga anaitamanda kwambiri atamva anthu akuisimba pa TikTok, ndipo mbiri yake ndi yokopadi. Kyle Edward Ball, wa ku Canada, anaijambula m'nyumba imene anakuliramo ku Edmonton ndi ndalama zokwana madola 15,000 okha, ndipo inabweretsa pafupifupi madola 2 miliyoni m'nyumba zoonetsera kanema. Nkhani yake ndi ya mu 1995. Ana awiri, Kevin wa zaka 4 ndi Kaylee wa zaka 6, akudzuka usiku n'kupeza kuti bambo awo palibe, ndipo zitseko ndi mawindo a nyumba akusowa chimodzichimodzi. Kuwala kumene atsala nako ndi kwa wailesi ya kanema yoonetsa makatuni akale. Munthu akamva zimenezo amati wapeza filimu imene yamvetsa bwino mantha a mwana.

Chimene palibe amakuuzani ndi mtengo wake wobisika. Ball anaika dala timadontho tambirimbiri tonyezimira pachithunzi chonse kuti chioneke ngati cha kamera yakale, ndipo cholinga chake ndi chakuti diso liyambe kuona nkhope mumdima momwe mulibe nkhope. Koma kanema wa pa intaneti amachepetsedwa kukula potaya zimene sizikusintha pakati pa chithunzi ndi chinzake, ndipo timadontho timeneti timasintha nthawi zonse pamalo ponse. Zotsatira zake ndi ziwiri, zonse zowawa. Mukasankha chithunzi chotsika kuti musunge data, mdima uja umasanduka timabokosi totuwa toyendayenda, ndipo simungadziwe ngati chimene chagwedezeka pakona ndi chiwanda kapena ndi intaneti imene yafooka. Mukasankha chithunzi chapamwamba, data imatha ngati madzi. Ine ndinachita zonse ziwiri usiku umodzi: ndinayamba ndi chotsika, ndinakweza nditatopa ndi timabokosi, ndipo bandulo imene ndinkayembekezera kuti indifikitse kumapeto kwa sabata inatha filimu isanathe. Aliyense wodziwa mtengo wa data mu Zimbabwe adziwa chifukwa chake sindinaiwale.

Ndipo chimene ndinalipirira chinali chiyani? Mphindi 100 za kamera yoyang'ana pakona ya denga, pa kapeti, pa zidole zomwazika pansi ndi pamiyendo ya ana, nkhope zawo osazionetsa bwinobwino. Mawu ndi onong'ona kotero kuti ena amalembedwa pansi pa chithunzi. Sindikana kuti muli malo amodzi amene amazizira m'mafupa, pamene Kaylee walowa m'chipinda cha makolo n'kuuzidwa kuti ayang'ane kunsi kwa bedi, ndipo kamera imatsika naye pang'onopang'ono osafulumira kumupulumutsa. Koma kufika pamenepo kuli ngati kudikira mphika umene wakhazikidwa pamafuwa opanda moto. Lamulo mulibe konse, chifukwa chinthu chili m'nyumbamo chimachita chilichonse chimene chafuna, ndipo ana alibe choti ayese, ndiye woonera alibenso choti ayembekezere kapena kuopera. Amene anaionera m'holo yamdima, pa chinsalu chachikulu, mwina anaona filimu ina, ndipo sinditsutsana nawo. Ife amene tili ndi foni ndi bandulo tikugula filimu yosiyana ndi imeneyo, ndipo mlamu wanga, amene mpaka lero amaiteteza, anavomera nditamupanikiza kuti iyenso anagona ili pakati.

Darkness Falls ndimaikondera, ndipo ndinene poyera. Anaitsogolera ndi Jonathan Liebesman, wobadwira ku Johannesburg, ndipo ndi imodzi mwa mafilimu amene a msinkhu wanga tinaonera pa DVD titadzazana pabalaza la mnansi. Nkhani yake ndi ya Matilda Dixon, mayi amene ankapatsa ana ndalama yachitsulo akagweluka dzino. Atapsa kumaso ndi moto anayamba kuvala chigoba ndi kuyenda usiku wokha, ndipo ana awiri atasowa anthu anamupachika, anawo n'kupezeka ali bwinobwino. Mwambo wosinthanitsa dzino ndi ndalama ndi wachizungu, ife ambiri tinkangoliponya padenga, koma nkhani ya mayi wokalamba amene mudzi wamunamizira n'kumupha ndi yodziwika kwathu kuposa mmene tingafunire.

Mphindi zake zoyambirira ndi zabwino kuposa chiyambi cha mafilimu ena atatuwa. Kamnyamata Kyle kathawira m'bafa, malo okhawo owala m'nyumba, kadzipinda m'besenimo, ndipo kamera ikubwerera m'mbuyo kuonetsa mzukwa wa Matilda utakangamira pamwamba pa chitseko, mumdima, ukudikira. Pambuyo pake filimuyi imasanduka ya kuthamangitsana ndi kukuwa, anthu akutengedwa mmodzimmodzi, mpaka kukathera pa nsanja yowunikira zombo. Lamulo lilipo, loti ukhale powala, koma mzukwawo nthawi zina umapirira kuwala kumene kukanauthamangitsa poyamba. Ndi yaifupi kotero kuti mayina a kumapeto amatenga mphindi zoposa 10. Komabe Kyle wamkulu, amene amayenda ndi chikwama chodzaza matochi ndi mabatire kulikonse, ndi munthu yekhayo m'mafilimu onsewa amene anthu a ku Harare sangamuone ngati wamisala, ndipo pamene tauni yonse yazimiridwa magetsi ndi pamene filimuyi imayandikira moyo wathu.

The Boogeyman, ya Rob Savage, yochokera pa nkhani yaifupi imene Stephen King anafalitsa mu 1973, ndi yokonzedwa mwaluso koma siikhalitsa m'mutu. Ili ndi chinthu chimodzi chokongola, kanyali kobulungira kooneka ngati mwezi kamene kamtsikana Sawyer kamagona nako, ndipo kakakagubuduzira kunsi kwa bedi kamawalitsa kachigawo kakang'ono kokha pamene kakudutsa. Chimene chinandinyansa ndi chakuti banjali lili m'nyumba yaikulu ya magetsi osazima, koma anthu ake amayenda mumdima ngati analetsedwa kugwira switchi. Pa foni mbali zina za kumapeto, za m'chipinda chapansi, zimada mopitirira, ngakhale sizifika pa Skinamarink.

Choncho wondifunsa yoti aonere ndimamuuza Lights Out, ndipo akafuna yachiwiri ndimamuuza Darkness Falls, ngakhale ndikudziwa kuti wachinyamata amene sanakule nayo angasankhe The Boogeyman ndipo sangakhale wolakwa. Za ana, palibe mwa anayiwa yoyenera mwana wa ku pulayimale, ngakhale atatu mwa iwo anapatsidwa chizindikiro cha PG-13 ku America, chochenjeza makolo za ana osakwana zaka 13, pakuti mwana amene agone m'nyumba yopanda magetsi usiku womwewo alibe getsi loti ayatse akadzidzimuka.

Koma Lights Out ili ndi chilema chimene sindingachibise, ndipo chili pa mathero. Diana ndi womangirizidwa kwa Sophie, mayi a Rebecca ndi Martin, amene ali ndi matenda ovutika maganizo. Sophie akamamwa mankhwala Diana amafooka, akasiya Diana amalimba, ndipo kufikira pamenepo fanizoli ndi lanzeru, chifukwa mwana wokula ndi kholo lodwala chonchi amadziwadi kuti m'nyumba muli chinthu chimene alendo sachiona. Ndiye filimuyi imathetsa vutolo ndi Sophie kudziwombera kuti ana ake apulumuke. Anthu ambiri anadandaula nazo itangotuluka, ndipo ndikugwirizana nawo, pakuti ngakhale opanga sanafune kutero, chimene chimamveka ndi chakuti wodwala akachoka banja limapuma. M'madera mwathu, kumene matenda a maganizo amatchedwabe kulodzedwa ndipo wodwala amadziona kale ngati katundu kwa abale, mawu otere ndi oopsa kuposa chiwanda chilichonse cha m'filimumo. Ngati m'nyumba mwanu muli m'bale amene akulimbana ndi matendawa, kapena mwangoika kumene maliro a mtundu umenewo, musamuikire Lights Out. Muikireni The Boogeyman, imene nayonso ikunena za chisoni, cha ana amene amayi awo amwalira, koma kumapeto bambo ndi ana ake awiri amalimbana ndi chilombocho limodzi ndipo kenako amapita onse kukalandira uphungu.