IBR, malata obisa masikuluwu kapena silabu: zofolerera nyumba zazikulu kuno ku Chipata, ndi woti mum'patse ntchito

Chifolerere shedi ya gulu lathu la alimi, foni yanga yasanduka ofesi ya madenga. Akomiti yomanga tchalitchi ku Katete, aphunzitsi aakulu ena ku Petauke, anzanga omanga masitolo cha ku Kapata, onse funso lawo n'limodzi: tigule malata ati, nanga ntchito tipatse ndani? Ndalemba pano kuti wina akafunsanso ndizingomutumizira. Ndikunena za nyumba zazikulu, monga shedi yosungiramo chimanga ndi soya, holo, tchalitchi kapena mdadada wa masitolo. Za nyumba yogona ya zipinda zitatu mmisiri aliyense wa m'komboni akuuzani.

Awiri ndiwachotseretu. Malata a mafunde aja tinakula nawo sayenera denga lalitali lopendekeka pang'ono, chifukwa timigula take n'tosazama ndipo mvula ikalimba madzi amasefukira m'mbali molumikiza. Matailosi, kaya a simenti kaya aja timati Harvey, amakongola pa loji ndi pa ofesi, koma pa shedi n'kutaya ndalama, ndipo a simenti amalemera moti matrasi ake, mafelemu onyamula denga aja, mudzawalipira modandaula. Otsala ndi atatu: IBR (malata a mizere yamakona okhomedwa ndi masikuluwu pamwamba), malata obisa masikuluwu otsekera pa makilipu osaboola, ndi silabu ya konkire.

IBR ndiye wapaliponse. Lata limodzi limaphimba mamilimita 686 m'lifupi, mizere yake n'njozama, ndipo limagwira ntchito ngakhale denga litapendekeka madigiri 5 okha bola latalo likhale lathunthu kuchokera pamsonga mpaka pansi. Ubwino wake waukulu n'ngoti likaonongeka limodzi, mumalipeza m'mahadiweya a m'tauni momwe muno tsiku lomwelo, ndipo anyamata odziwa kulikhoma ali mbwee. Kuipa kwake ndi mabowo. Sikuluwu iliyonse ndi bowo, ndipo denga la shedi lili ndi masauzande a mabowo amene chowatseka ndi kawashala ka labala. Kwerani padenga la zaka zingapo mukaone: pena mmisiri anamanga mopitirira mpaka labala inaphwanyika n'kutuluka m'mbali, pena sikuluwu inalowa chopendama, pena inaphonya palini (chitsulo kapena thabwa lopingasa lomwe lata limakhomedwapo) iye n'kungoisiya momwemo. Dzuwa la Okutobala likamaliza kuwamba mawashala otchipa, Disembala madontho amayamba.

Malata obisa masikuluwu, monga Klip-Lok kapena Saflok, saboola pamwamba. Makilipu amamangidwa pa mapalini, lata n'kudinikizidwa mpaka kutsekeka. Amalola denga lopendekeka madigiri 2 kapena 3, ndipo lata limatha kutanuka ndi kubwerera osang'amba bowo. Izi si zazing'ono, chifukwa lata lachitsulo la mamita 30 likatentha ndi madigiri 50 kuposa mmene linalili usiku, limatalika pafupifupi mamilimita 18, tsiku ndi tsiku. China n'chakuti lole imanyamula malata osapitirira mamita 13 kapena chapompo, ndiye denga lotalika kuposa pamenepo IBR wake amalumikizidwa pakati, pomwe dzimbiri ndi kudontha zimakonda kuyambira. Obisa masikuluwu aja amatha kupangidwira pamalo pomwepo, makina atabwera nawo, lata limodzi kuchokera uku mpaka uko. Pa holo yaikulu kapena sitolo ya denga lophwathalala palibe chowaposa. Koma makinawo ndi anthu ake amachokera ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, ndipo mphepo ikadzazula malata awiri simudzawapeza ku Down Shops. Kilipu yomwe sinatsekeke bwino simaonekanso ndi maso mutaima pansi, imadzadziwika tsiku la chimphepo.

Silabu musaisankhe pokhapokha ngati mudzamangadi nsanjika ina pamwamba. Konkire payokha sitseka madzi, imafuna phula lomata ndi moto lija, ndipo phulalo limafuna kupakidwa utoto wa siliva pakapita zaka zochepa. Masilabu ambiri m'tauni muno akudikira nsanjika yachiwiri yomwe sikubwera, zitsulo zili njo padenga, madzi atadikha, pansi pake siling'i ili ndi mawanga.

Za kukhuthala kwa lata ndinene mwachidule. Musagule ndi mawu oti geji 28 kapena geji 30, chifukwa aliyense amatchula geji mmene afunira. Lembetsani mamilimita, ndipo pa nyumba yaikulu ine sinditsika pansi pa 0.47 kapena 0.5. Funsaninso ngati nambalayo ndi ya chitsulo chokha kapena aphatikiza utoto ndi zokutira. Tsiku lotsitsa katundu bwerekani maikromita, kachipangizo koyezera kukhuthala, muyese malata angapo a pakati pa mulu, osati apamwamba okha. Kuseri kwa lata labwino kumakhala kodindidwa dzina la wopanga ndi zokutira, monga AZ150 pa aluzinki (lata lokutidwa ndi aluminiyamu ndi zinki) kapena Z275 pa galavanaizi (lokutidwa ndi zinki yokha). Aluzinki amapirira dzimbiri kuposa galavanaizi wamba, koma sagwirizana ndi simenti yaiwisi, mpweya wa m'khola la nkhuku kapena nkhumba, ngakhalenso fumbi la feteleza, choncho uzani wogulitsa zomwe mudzasunge mkatimo. Ndipo pepala lonyezimira loyala pansi pa malata lija musalichotse pa bajeti. M'nyengo yozizira, Juni ndi Julaye, malata amachita thukuta kunsi n'kudonthera pa matumba mvula kulibe, ndipo kuliika denga litatha ndi ntchito yofuna kusasula.

Tsopano pomwe pali nkhani yanga. Shedi yathu ndi nyumba ziwiri zogundana, iliyonse mamita 15 m'lifupi ndi 40 m'litali, ndiye pakati pomwe madenga awiriwo akumana pali gata lalitali lolandira madzi a mbali zonse ziwiri. Ntchito tinapatsa kampani ina ya ku Lusaka, ya mapepala okongola ndi zithunzi za mamolo omwe amati anafolera. Kotesheni yawo inalembedwa "supply and fix roof sheeting", mtengo wake wotsikirapo kuposa wa anzawo. Malata atakwera onse, kapitawo wawo anabwera kwa apampando athu akupukuta manja. "Bwana, malata tamaliza. Nanga za gata ndi mafulashing'i, zotsekera pamsonga ndi m'mbali zija, mwakonza bwanji?" Apampando anadabwa: "Amisiri, kodi denga lopanda gata ndi denga?" Iye anangotulutsa pepala n'kuloza mzere uja. Gata mulibe, zotsekera pamsonga mulibe, zotsekera m'mbali mwa khoma mulibe, mapaipi otsitsa madzi mulibe, VAT ya 16 peresenti inalembedwa ndi tizilembo pansi kuti siinaphatikizidwe. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana cha ku Kanjala, soya ali panja pansi pa matenti. Pa nthawi yoteroyo simukambirana mtengo, mumangosaina. Zonse zitaphatikizidwa, kampani yotchipa ija inadutsa onse omwe tinawakana.

Gata lomwe anatipangira pamtengo wowawawo linali la zidutswa za lata lopyapyala, zolumikizidwa ndi maliveti ndi silikoni, lopapatiza moti phazi silikwanamo, ndi mapaipi awiri okha a mamilimita 75, uku imodzi uku imodzi. Werengani nokha. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Gata lathu limalandira madzi a masikweya mita 600. Mvula ya mamilimita 40, yomwe kuno imatha kugwa masana amodzi, ndi malita 24,000, madramu oposa 110, onse ofuna kudutsa m'timapaipi tiwiri tomwe pakamwa pake pali masamba a mango. Madzi sanatulukire kunja. Anadzaza gata, n'kukwera kunsi kwa malata, n'kugwa mkati mzere wonse wa mamita 40, ndendende pakati pa shedi pomwe matumba amaunjikidwa kwambiri. Malata onse anali bwinobwino, palibe ngakhale limodzi lomwe linadontha.

Tinaimba foni poti pali waranti. Yankho lawo ndi lomwe limandiwawa mpaka lero: waranti ilipo ndithu, kukonza n'kwaulere, koma "mobilisation" ndi yathu. Kutanthauza mafuta a galimoto kuchokera ku Lusaka ndi kubwerera, malo ogona anyamata, ndi alawansi yawo. Ndalamayo inaposa yomwe mmisiri wina wa konkuno anatilipiritsa popanga gata latsopano lathunthu, lokhuthala, lotakata loti munthu n'kuyendamo ndi tsache, lotsetsereka bwino, mapaipi a mamilimita 110 angapo, ndi mabowo osefukira kumapeto onse awiri kuti paipi ikatsekeka madzi azigwera panja pomwe mlonda awaona. Mmisiri yemweyo ndiye anationetsa timadontho tofiirira tomwazika pamalata athu atsopano ngati mawanga a nkhanga. Anyamata aja ankadulira malata ndi girenda padenga pomwepo, tizitsulo totentha n'kumamatira pa utoto, ndipo sanasese. Waranti ya opanga malata imakhudza utoto ndi dzimbiri zokha, ndipo akaona zoterezi amaikana. Wopanga amaloza wokhoma, wokhoma amaloza wopanga.

N'chifukwa chake eni masitolo okonda khoma lokwera kutsogolo lobisa denga, ndimawauza kuti kuseri kwa khomalo kuli gata lomweli, ndipo likadzaza madzi amalowa m'sitolo. Ngati malo alola, lekani denga litulutse madzi kunja kwa khoma, ngakhale nyumba isaoneke ngati banki.

Okhoma alipo a mitundu itatu. Makampani aakulu a ku Lusaka ali ndi makina, mainjiniya ndi zida zokwerera, ndipo pa malata obisa masikuluwu kapena matrasi achitsulo otambalala kwambiri simungawathawe. Sindinena kuti onse ali ngati yathu ija, koma mtunda ndi womwewo kwa onse, ndipo mu Januwale ntchito yanu yaing'ono yokonza idzakhala kumapeto kwa mzere. Amisiri olipidwa ntchito yokha, inu mukugula katundu, ndiwo otchipa kwambiri, ndipo ena mwa iwo manja awo ndi abwino kuposa a makampani. Vuto n'loti kukula kwa matrasi ndi kutalikirana kwa mapalini amayeza ndi diso, ndipo wina akagwa padenga mlandu ndi wanu. Denga la tchalitchi likauluka ndi mphepo yoyamba ya Novembala, kawirikawiri si malata omwe alephera, ndi matrasi omwe anangomangidwa ndi waya kukhoma. Ena amakagula malata ku Lilongwe poti n'kufupi kudzera pa Mwami, koma awerengeretu za msonkho wa pachipata asanakondwere ndi mtengo.

Pakati pa makampani a ku Lusaka ndi amisiri aja pali makontrakita a m'chigawo momwe muno olembetsedwa ku NCC (National Council for Construction), bungwe loyang'anira ntchito zomanga. Magiredi ake amayambira 1, wa ntchito zikuluzikulu, kufika 6, ndipo setifiketi imasonyeza kukula kwa ntchito yomwe munthu aloledwa kugwira. Ionetsetseni kuti ndi ya chaka chino, mufunsenso pepala la Workers' Compensation, losonyeza kuti antchito ake adzalipidwa chipukuta misozi akavulala pantchito. Mapulani a matrasi ajambule injiniya wolembetsedwa ku EIZ (Engineering Institution of Zambia), bungwe la mainjiniya, wolipidwa ndi inu, osati mnzake wa kontrakita. Kenako pemphani kuti akuonetseni denga lomwe anakhoma lomwe lapyola dzinja kawiri kapena katatu, mupiteko nokha, mucheze ndi mlonda kapena wosesa, osati mwini wake. Iwowo ndi amene amadziwa pomwe amaika mabeseni.

Ine mtima wanga uli kwa makontrakita a m'chigawowa. Pa shedi, holo ya sukulu kapena tchalitchi chomwe mbali imodzi ya denga siipitirira kutalika kwa lole, tengani IBR ya 0.5 ya aluzinki, masikuluwu abwino, denga lopendekeka mokwanira, kontrakita woti mutha kukamugogodera pakhomo Lamlungu. Obisa masikuluwu asiyireni nyumba zomwe IBR singathe, ndipo mukaitana a ku Lusaka, m'pangano mulembedwe kuti kubwera kudzakonza ndi ndalama zawo. Kwa aliyense, kotesheni itchule payokhapayokha gata ndi kukhuthala kwake, mafulashing'i, mapaipi ndi kukula kwake, mayendedwe, makwerero ndi VAT. Musunge 5 kapena 10 peresenti ya malipiro, ndipo nthawi yoyembekezera zolakwika ikhale miyezi 12. Akakuuzani miyezi 6 pa denga lomwe latha mu Meyi, kanani, chifukwa idzatha mu Novembala mvula yeniyeni isanaliyese.