Ndemanga yanga pa opaleshoni ya hip resurfacing: mwendo wachira, koma kuyezetsa magazi n'kumene kukuvuta kuno ku Mzuzu

Nyenyezi 4 mwa 5. Opaleshoni yeniyeniyo ndikanaipatsa zonse, koma imodzi ndachotsa chifukwa cha zimene zimatsatira pambuyo pake, makamaka kwa ife okhala kumpoto kuno. Ndalemba izi chifukwa anthu kutchalitchi ndi kumsika wa matabwa akhala akundifunsa chimene chinandichiza, ndipo ena ayamba kale kusonkherana kuti m'bale wawo akapange yomweyi. Musanagulitse munda kapena galimoto, abale anga, tawerengani kaye.

Ndine bambo wa zaka za m'ma 40, ndimakhala ku Luwinga, ndipo ntchito yanga ndi yogula matabwa ku Chikangawa n'kumagulitsa m'tauni muno. Vuto langa linali nyamakazi ya polumikizira ntchafu ndi chiuno, mbali ya kumanja. Kamnofu koterera kamene kamakuta mutu wa fupa la ntchafu kanali katatha, moti fupa linkakhulana ndi fupa linzake. Ululu sunkamveka kuthako monga ambiri amaganizira, unkamveka m'mphechepeche n'kutsikira kubondo. Ndinafika poti sokosi ya kumanja ankandiveka ndi mayi a kunyumba, ndipo kukwera pa lole kuti ndiwerenge matabwa kunali kosatheka.

Opaleshoni imene ambiri amaidziwa ndi ya total hip replacement. Dokotala amadula mutu wonse wa fupa la ntchafu pamodzi ndi khosi lake, n'kulowetsa chitsulo chachitali m'kati mwa fupalo, pamwamba pake n'kuikapo kampira. Pa hip resurfacing mutuwo saudula. Amangoupala, ngati mmene kalipentala amapalira thabwa lokumbika pamwamba m'malo molitaya, kenako n'kuuveka kachipewa kachitsulo. M'chiuno amaikamo kambale kachitsulonso, ndipo ziwirizi zimazungulirana. Zonse ndi za cobalt wosakaniza ndi chromium. Imene ndinaikidwa ine ndi Birmingham Hip Resurfacing, imene dokotala wa ku England, Derek McMinn, anaikonza ndipo inayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1997. Okonda masewera amakumbukira kuti Andy Murray wa tenisi anapangidwa opaleshoni ya mtunduwu mu Januwale 2019, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho anapambana mpikisano ku Antwerp.

Chimene chinandikopa ine si Murray ayi. Chinali kunjuta. Ntchito yanga imandipititsa kuthengo ndi kumidzi kumene chimbudzi n'chokumba, ndipo pamaliro munthu sungamangofunafuna mpando akuluakulu atakhala pansi. Popeza kachipewa kaja n'kakakulu pafupifupi mofanana ndi mutu wa fupa lako lobadwa nalo, sikaguluka msanga ngati kampira kakang'ono. Chachiwiri, fupa limasungika. Munthu wa msinkhu wanga, Mulungu akalola, ali ndi zaka zambiri kutsogolo, ndipo chitsulo chilichonse chimatha. Tsiku limene ichi chidzatope, fupa la ntchafu lidzakhala lilipo loti aikepo total hip replacement.

Ndinakapangira ku India. Za ulendowo sindichulutsa: ndege, malo ogona ndi chakudya cha wondiperekeza zinadya ndalama zambiri kuposa mmene tinawerengera, ndipo kupeza madola kubanki inali nkhondo payokha. Amene mukukonza ulendo wotere panopa, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, muwerengere mowirikiza.

Chinandisangalatsa n'choti dokotala sanathamangire kuvomera. Anaona X-ray, anayeza kukula kwa mutu wa fupa, anayeza kulimba kwa mafupa ndi mmene impso zikugwirira ntchito. Anandiuzanso poyera kuti akatsegula n'kupeza fupa lili lofumbwa m'kati, asintha pomwepo n'kupanga total hip replacement, ndipo ndinasainira zonse ziwiri. Dokotala amene sakukuuzani zimenezi, muchenjere naye.

Chipsera n'chachitali ndithu, chifukwa dokotala amafunika malo oti agwire ntchito mutu wa fupa uli pomwepo. Anandiimiritsa mawa lake, ndodo ziwiri m'manja. Ululu wa bala unalipo, koma kukhulana kuja kunali kutapita, ndipo ndinazindikira zimenezi ndisanafike ndi pakhomo la wodi pomwe.

Nditabwerera kuno m'pamene ntchito yeniyeni inayamba. Mzuzu ndi wa zitunda, ndipo mvula ikagwa dothi lathu lofiirali limaterera koopsa. M'miyezi yoyambirira choopsa kwambiri pa opaleshoniyi ndi kuthyoka kwa khosi la fupa, pansi penipeni pa kachipewa paja. Zimagwera mmodzi kapena awiri mwa anthu 100 alionse, ndipo zikachitika palibenso kuchitira mwina koma kubwerera kumpeni kukaika total hip replacement. Choncho kabaza ndinamuleka, katundu wolemera sindinkanyamula, ndipo kubafa tinayala kamphasa ka labala. Mayi a kunyumba anali olimba mtima pa zimenezi kuposa ine. Tsiku lina anandipeza ndikufuna kusuntha thabwa pakhonde, anangoti, "Bambo a Chikondi, ndalama zopitiranso ku India kulibe m'nyumba muno, siyani." Ndinasiya.

Mafizo musawanyoze. Minofu ya kuthako inali itafota chifukwa cha zaka zotsimphina, moti ngakhale ululu utatha ndinkayendabe mopendekeka. Mtsikana wa mafizo ankandigoneka chammbali n'kundiuza kuti ndikweze mwendo wowongoka. Poyamba unkangonjenjemera osachoka pamphasa. Kenako unayamba kukwera pang'ono, mpaka anayamba kundimangirira kathumba ka mchenga pakakolo. Kutsimphina kunathera pamenepo, osati pa tebulo la opaleshoni.

Panopa ndimanjuta, ndimagwada m'tchalitchi, ndimapalasa njinga kuchoka ku Luwinga kukafika ku Katoto, ndipo pa lole ndimakwera ndekha. Mu Juni ndi Julayi, chifunga chikatsika m'mamawa, pabala pamanyung'unya pang'ono, koma ndikayendayenda zimatha. Nthawi zina ndikawerama kwambiri mumamveka kakuti "ke", kopanda ululu. Pabwalo la ndege makina ofufuzira amalira, ndiye kalata ya kuchipatala ndimayenda nayo.

Tsopano nyenyezi imene ndachotsa ija. Chitsulo chikamakhulana ndi chitsulo chinzake, tizidutswa tosaoneka ndi maso ta cobalt ndi chromium timalowa m'magazi, ndipo impso ndi zimene zimatichotsa. Kwa ambiri timakhala tochepa. Koma kambale kaja kakaikidwa mopendekeka, kapena thupi likadana nato, minofu yozungulira imatupa n'kuyamba kuonongeka, nthawi zina munthu osamva kanthu. Zimenezi si mphekesera. Mu Ogasiti 2010 kampani ya DePuy inachotsa pamsika mtundu wake wotchedwa ASR chifukwa anthu ochuluka ankafunika kupangidwanso opaleshoni pasanathe zaka zambiri. N'chifukwa chake aliyense amene ali ndi chitsulo chotere amayenera kumayezetsa magazi. Ku Britain, mlingo wa cobalt kapena chromium m'magazi ukapitirira 7 ppb (magawo 7 pa magawo biliyoni imodzi) madokotala amayamba kufufuza mozama, kuphatikizapo kujambula m'kati mwa thupi ndi makina a MRI.

Kuyeza kumeneku si kwa malungo koti ubayidwa chala n'kudikira pabenchi. Ine ndimakwera basi pa M1, makilomita oposa 350 kukafika ku Lilongwe, kumene labotale ina imatenga magaziwo m'kabotolo kapadera n'kuwatumiza ku South Africa. Ulendo wina anandiimbira kuti magazi anaikidwa m'kabotolo kolakwika, ndibwerenso. Basi, malo ogona, masiku osagulitsa, zonse kawiri. Zotsatira zikabwera ndimazijambula pafoni n'kutumiza pa WhatsApp kwa dokotala wa ku India uja, chifukwa madokotala amene ndaonana nawo kuno, ngakhale ali odziwa ntchito yawo, anandiuza mosabisa kuti chitsulo chamtunduwu sakumana nacho kawirikawiri. Mpaka pano zotsatira zanga zili bwino, ndipo ndikuthokoza. Koma kuchipatala kuja anangoti "muziyezetsa magazi" ngati kuti labotale ili kuseri kwa nyumba. Palibe anandifunsa kuti kwanuko mukayezetsa kuti. Zimenezi zimandiwawa mtima, chifukwa ndikudziwa kuti wina wa ku Chitipa kapena ku Karonga angangosiyiratu kuyezetsako.

Chinanso choti mumve bwino: opaleshoniyi si ya aliyense. Imayenda bwino kwa amuna osapitirira zaka pafupifupi 60, a mafupa akuluakulu ndi olimba, amene vuto lawo ndi nyamakazi. Kwa amayi zotsatira zake sizinakhale zabwino chimodzimodzi, moti mu 2015 kampani yopanga Birmingham Hip Resurfacing, Smith & Nephew, inaletsa kuika chitsulochi mwa amayi ndipo inachotsa masaizi ang'onoang'ono, a mamilimita 46 kutsika m'munsi. Wodwala impso sayenera, wa mafupa ofooka sayeneranso. Ndipo kuno kwathu anthu ambiri ovutika ndi chiuno ali aang'ono, vuto lawo limakhala loti mutu wa fupa wafa chifukwa magazi sakufikako. Zimachitika kwa odwala sickle cell, kwa ena amene ali ndi HIV, kwa omwa mowa kwambiri ndi amene amwa mankhwala a steroid nthawi yaitali. Ngati mbali yaikulu ya mutuwo yafa, kachipewa kalibe pogwira.

Mlamu wanga wa ku Chibavi ndi mmodzi mwa amenewa. Ataona mmene ndikuyendera anati, "Achimwene, inenso ndikufuna yanuyo." X-ray yake inaonetsa mutu wa fupa utaphwanyika kale pamwamba. Ndinamuuza kuti asataye ndalama za ndege. Total hip replacement imapangidwa m'dziko momwe muno. Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chimene chinatsegulidwa mu 2002, chinkaipanga kwa akuluakulu olipira. Masiku ano zipangizo za total hip replacement zimakhalitsa, ambiri zimawafikitsa zaka 20 n'kupitirira, ndipo mtundu wa pulasitiki kapena ceramic sufuna kuyezetsa cobalt nthawi ndi nthawi. Dokotala wakonso amakhala woti ukhoza kumufikira pa basi.

Kwa bambo wamphamvu, wa ntchito yonyamula ndi kunjuta ngati yanga, amene angakwanitse kumayezetsa magazi moyo wake wonse, ndikuti pitani. Koma mukamufunse dokotalayo mtundu wa chitsulo chimene aike, saizi yake, ndiponso kuti wapanga maopaleshoni angati a mtunduwu, chifukwa kuika kambale kaja molunjika kumafuna dzanja lozolowera. Potuluka m'chipatala mutenge pepala lolembapo dzina ndi nambala ya chitsulocho, pamodzi ndi X-ray yoyamba, chifukwa dokotala wa kuno adzazifuna kuti ayerekeze ndi zatsopano.