Kafe ya intaneti ya kuseri kwa depoti pa Kasungu, kwa ofuna kulemba zinthu zazitali

Abale amene mumakonza nkhani pa Wikipedia muli kuno ku Kasungu, ndikuuzeniko za kafe ina ili chakuseri kwa depoti ya mabasi. Dzina sinditchula poti sindikuwatsatsira malonda ayi, ndikungonena zomwe ndaona nditakhala ndikupitako kukalemba m'Chichewa nkhani ya filimu ija ya Enron: The Smartest Guys in the Room, ya 2005, yomwe anakonza Alex Gibney. Wikipedia yathu ya Chichewa nkhani zake nzochepa momvetsa chisoni ndiye ndinati bola ndiyambe ndi iyi, panopa ikadali mu sandbox yanga, tsamba langa loyesererapo kulemba.

Pafoni kukonza chiganizo chimodzi zimatheka, koma nkhani ngati iyi imafuna utsegule matabu ambiri nthawi imodzi, uku nyuzipepala zakale, uku nkhani ya kampaniyo, uku zomwe ukulembazo, komanso chilichonse walemba chimafuna umboni pansi pake apo ayi ena abwera kudzachotsa. Apa ndi pomwe kafeyi yandisangalatsa. Makompyuta ndi akale ndithu koma sakuuma ukatsegula masamba ambiri, VisualEditor, chida chokonzera nkhani pa Wikipedia, ikutseguka bwinobwino, ndipo netiweki m'mawa ndiyothamanga moti ndimatha kubwerera pa chigawo cha filimu chomwe ndikufuna kutsimikiza osadikira kwambiri. Mtengo pa ola siwoboola m'thumba, kwa ine bola apa kusiyana ndi kumangogula bandulo imene imatha usanamalize ndi ndime imodzi yomwe.

Koma chenicheni chomwe ndikuwapatsira ulemu ndi mnyamata amene amayang'anira malowa. Kumakafe ambiri munthu amangokulozera mpando nkuyamba kuwerenga mphindi basi, uyu ayi. Ataona ndakakamira pa ndime imodzi anadzafunsa kuti "Ankolo, chavuta ndi chani pamenepo?" ndiye ndinamuuza kuti ndikusowa njira yofotokozera m'mene Enron, kampani ya zamagetsi ndi gasi ya ku Houston ku Texas, inkalembera mabuku ake a ndalama. Iwo akangosainirana kontrakiti ya zaka zambiri ankalemberatu phindu lonse lomwe akuyembekezera ngati lalowa kale, pomwe ngongole zenizeni Andrew Fastow, mkulu woona zachuma pakampanipo, ankazibisa m'timakampani tina tapambali. Mnyamatayo anangoti ndiye kuti zili ngati mlimi kuwerengeratu ndalama za fodya akadali ku nazale asanafike ndi ku Chinkhoma komwe eti. Ndinavomera pompo. M'nkhanimo simungalowe fanizo limenelo koma linandithandiza kupeza mawu osavuta oti munthu wakuno amve.

Tinakambirananso chinthu china chomwe ambiri amasokoneza. Nkhani ya filimu si nkhani ya mlandu wonse. Filimuyi inachokera m'buku la 2003 la atolankhani Bethany McLean ndi Peter Elkind, ndipo imaonetsa momwe masheya a kampaniyo anagwera kuchoka pafupifupi $90 mu 2000 kufika osakwana $1 kumapeto kwa 2001, kampani nkugwa pa 2 December 2001, anthu masauzande ntchito nkuwathera ndi penshoni zawo zomwe. Mulinso matepi a ogwira ntchito ku Enron akuseka pomwe ku California magetsi akuthimathima, gawo limenelo limandiwawa mtima ndithu poti ife mdima timaudziwa. Koma Kenneth Lay ndi Jeffrey Skilling, akuluakulu a Enron, khoti linawapeza olakwa mu May 2006, filimu itatuluka kale, Lay anamwalira mu July chaka chomwecho chilango chisanaperekedwe, Skilling anamupatsa zaka 24 kenako anazichepetsa kufika 14. Ndiye zimenezi sungalembe ngati zili mufilimumo, zimafuna kachigawo kakekake ka zomwe zinachitika pambuyo pake. Mnyamata uja ankafunitsitsa ndiikemonso Cashgate ya 2013, akuti ankolo nkhani ndi imodzimodzi, makampani kulipidwa katundu asanaperekedwe. Ndinamuuza kuti achimwene mukunena zoona koma pa Wikipedia maganizo athu salowa pokhapokha pali buku kapena nyuzipepala inalemba kale kufananitsa kumeneko. Anamvetsa, ndipo anandisiyira nthawi yomwe tinataya pokambirana osandilipiritsa.

Zovuta zilipo, sindibisa. Magetsi akathima jenereta ilipo koma imatenga nthawi kuti ayilize ndipo makompyuta amazima onse nthawi yomweyo, palibe batire yogwirizira, ndiye zomwe sunasunge zapita. Ichi eni ake akuyenera kukonza msanga chifukwa anthu akulemba ma CV ndi ma asayimenti pamenepo. Mahedifoni omwe amabwereketsa ambiri amamveka khutu limodzi, pomwe filimu ngati iyi anthu amalankhula Chingerezi chachangu ndipo dzina ukalimva molakwa walembanso molakwa. Kiyibodi ya kompyuta yapakona zilembo zinafufutika. Masana kumadzadza anthu opulinta ndi oika nyimbo mu memore, sipika ili pakhomo ikulira mwamphamvu, kuwerenga zinthu zofuna mutu kumavuta kwambiri.

Chomwe chandidetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti ma browser awo amasunga ma akaunti a anthu. Ndinakhala pampando nkupeza imelo ya munthu amene wangochokapo ili chitsegulire. Ndinamuuza mnyamata uja ndipo anaitseka pompo, koma nkhani yotere siyofunika kudalira kasitomala wachifundo, makinawo akuyenera kumafufuta zonse munthu akangonyamuka. Pa Wikipedia chilichonse chalembedwa chimakhala mu history ndi dzina lako, wina akalowa ndi akaunti yako nkulemba zopusa mlandu ndi wako.

Pa nyenyezi 5 ndikuwapatsa 4, imodziyo ndachotsera batire ndi nkhani ya ma akauntiyo. Mukafuna kupitako pitani m'mawa akangotsegula, tengani mahedifoni anu, muzilemberatu mu Word nkumasunga pa fulashi musanaponye pa intaneti, ndipo musanadzuke pampando onetsetsani kuti mwatuluka mu akaunti yanu. Ndime ya Arthur Andersen, kampani yoona mabuku a ndalama ija inaononga zikalata za Enron, sindinayambe, alipo wodziwa za akaunti kuno abwere tidzathandizane Loweruka.